Mivi ya Phulusa Panjira ya kwa a Chirambo

Inu, tamverani. Matolawa sanyamuka asanadzaze, ndiye sendererani kuno kumthunzi ndikuuzeni zimene zinawaonekera a Laws Gondwe ku Hewe. Mukakumana nawo ku Mzuzu musakawafunse, chonde. Ndi munthu wa mtima wabwino, kungoti mimba yawo ndi kudzidalira kwawo zinakulira limodzi ngati mapasa.

Pasukulu ina yapulayimale kumeneko pali gulu la masikauti, lakalekale, loti ena amene analiyamba pano ali ndi zidzukulu. Koma gululo linali litafooka. Ana ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo makolo anali atayamba kung'ung'udza. Wotsogolera kung'ung'udzako anali a Elliot Chirambo: wapampando wa komiti ya makolo, mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya, munthu woti akatsokomola m'tchalitchi kwaya imayambiranso nyimbo.

"Madamu," anatero a Chirambo kwa Madamu Twambilile Msiska, mphunzitsi woyang'anira gululo, "ana athu akutha tsiku kumanga mfundo pazingwe zopanda mbuzi, fodya ali mbwee m'zigafa kusowa womusoka. Loweruka masana komiti ikumana. Tikapanda kuona phindu lake, zausikautizi zithe."

Madamu Twambilile, mtima uli m'mwamba, anaimbira mafoni masikauti akale kuti abwere Loweruka lomwelo m'mawa, adzalimbikitse ana, makolonso adzaone kuti sikauti akakula amakhala munthu wotani. Ambiri anati maliro, ena anati ukwati, wina anati foni ikudukaduka pamene imamveka bwinobwino. Anavomera atatu: Lettie Harawa, namwino wosachuluka mawu, Joel Munthali, woyendetsa lole ya malasha ku Chiweta, amene pakamwa pake palibe mabuleki, ndi a Laws Gondwe, ogulitsa zipangizo za galimoto ku Mzuzu, amene kale anali mtsogoleri wa kagulu ka Njati ndipo sanaiwalebe.

Anzawo awiriwo anangomangira masikafu awo akale pakhosi, basi. Koma a Laws? Aa! Anapita kwa telala. Malaya akhaki, kabudula wakhaki, masokosi ofika m'mawondo, chipewa chotambalala ngati lichero, wenzulo pachifuwa, ndi mabaji ochuluka oti ena anali a kampani ya matayala.

Tsono mukudziwa kuti Hewe ali pafupi ndi nkhalango ya Vwaza, kumene a gemu ovala khaki amagwira opha nyama zakutchire. Atangotsika matola pamsika, mnyamata wokazinga nyama pachiwaya anawaona, mpeni unagwa.

"Ndi ya mbuzi, bwana! Chikopa chake ndi icho, mutu wake uwu!"

"Iwe, ine si wa gemu," anatero a Laws.

"Yewo, bwana, yewo chomene," mnyamatayo anayankha akubwerera chafutambuyo, kenako liwiro.

Akabaza a njinga zamoto nawonso, amene masiku onse amalimbirana munthu ngati nkhuku pachitsononkho, onse anakumbukira nthawi imodzi kuti ali ndi kopita. Panatsala fumbi lokha.

"Wayamba kale kulimbikitsa anthu, Laws," anatero Joel. "Taona mmene akuthamangira."

Anayenda wapansi mpaka kusukulu. Pofika, malaya a a Laws anali atasanduka mapu a nyanja ndi zilumba zake.

Pabwalo ana anali atafola, ena yunifolomu, ena sikafu yokha pamwamba pa malaya akumunda. Anaimba nyimbo yolandira alendo mokweza moti Lettie anapukuta m'maso akunamizira fumbi. A Chirambo nawo analipo, atakhala pampando wa ahedi, ndodo pakati pa miyendo, kudzaona ndi maso awo.

Apa mpamene a Laws anaponda poterera koyamba. Masikauti, paja, amapatsana moni ndi dzanja lamanzere. Iwo, pofuna kuonetsa kuti mwambo adakausunga, anapita nganganga kwa mkulu wa mpingo uja n'kutambasula lamanzere.

A Chirambo analiyang'ana dzanjalo ngati awapatsa chule.

"Dada, lamanjalo ladwala?"

"Ayi, adada, ndi mwambo wathu wa masikauti."

"Oho. Ndiye mumaphunzitsanso zimenezi?"

Lettie anafulumira kugwada pang'ono n'kuwapatsa moni wa manja awiri, koma madzi anali atatayika kale. A Chirambo anadzuka n'kunena kuti akukaona fodya, abweranso masana kumsonkhano. Madamu Twambilile anawaperekeza ndi maso okha.

Munthu wina akanafatsa pamenepo. Koma akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wa a Laws umachita kuzifunafuna. Anaima patsogolo pa ana, manja kumbuyo.

"Ana inu! M'masiku athu, ife tinkatsata phazi la gwape pathanthwe!"

"Gwape wake anali mbuzi ya ahedi," Joel anauza ana a kutsogolo, "ndipo inali pachingwe."

Ana anaseka mpaka mzere unapindika. A Laws anakweza mawu. Anati lero makolo aona chimene sikauti amatha. Iwo atsogola okha kutchire, aziika zizindikiro m'njira, akabisale. Anawo adikire pang'ono, kenako awatsate mpaka awapeze, ndipo abwere nawo pamaso pa komiti ngati umboni. Anawakumbutsa zizindikirozo: muvi wa timitengo ndiye kuti pitani uku, timitengo topingasa ndiye kuti uku musadzere, udzu womanga mfundo ndiye kuti muli panjira yoyenera, miyala yozungulira, wina pakati, ndiye kuti ndabisala pafupi.

"Bwanji tingochitira pabwalo pompano, a Gondwe?" anatero Madamu. "Midzi inasintha kuno."

"Madamu, mchombo wanga uli konkuno."

"Mchombo uli kuno," anatero Joel, "koma mimba inakulira ku Mzuzu. Sizidziwana."

A Laws anakonza chipewa n'kulowa kanjira ka kudambo.

Inu, kugwada n'kosavuta ukamakuonera kwa mnzako. Muvi woyamba anauyala bwinobwino, wachiwiri akupumira m'mwamba, wachitatu anachita kugwira mtengo podzuka. Atayenda kamtunda ndithu anamva kumbuyo kukuti tswa, tswa. Potembenuka anaona gogo wina wamng'ono thupi, mtolo wa nkhuni m'khwapa, akuwamwetulira ndi dzino limodzi.

"Yewo chomene, dada. Chiuta akudalitseni. Msana wangawu sulola kulowa m'tchire, ndiye ndimati kaya lero ndiphikira chiyani. Ndikungopeza mwandiikira m'njira, zothyolathyola kale."

Mivi yonse inali m'khwapamo.

A Laws anayang'ana timikono ta gogoyo. Kenako, ndipo ichi ndimawakondera nacho, anawerama n'kutola nthambi zina ziwiri zouma, n'kuwonjezera pamtolowo.

"Pitani bwino, agogo."

Koma vuto linatsala: timitengo kuno ndi nkhuni. Afuna chinthu choti munthu sangatole. Chapafupi panali uvuni wakale wa njerwa, phulusa lili mbuu. Nzeru zinawabwerera, zija zimabwera mofulumira kuposa zinzake. Anadzaza chipewa ndi phulusa n'kuyamba kujambula mivi yoyera m'njira. Thukuta likatsika ankapukuta nkhope ndi dzanja lomwelo. Posakhalitsa nkhope yonse inali mbuu, maso okha psuu.

Anafika pamphambano. Kale njira ya kumanja inkapita kuchitsime, ndipo iwo ankadziwa choncho. Chimene sankadziwa n'choti chitsimecho chinauma kalekale, ndipo kuseri kwa nthochi zimene zinali pamenepo a Chirambo anamangako nyumba ndi zigafa zawo. Pofuna kuti ana asasochere, a Laws anagwada pakamwa penipeni pa njirayo n'kuthira phulusa mizere iwiri yopingasa. Anamanga mfundo paudzu wa mbali iyi ndi mbali iyo. Kuti zioneke bwino anang'amba kansalu kofiira ka sikafu yawo n'kumangirirapo. Atatero ananyambita chala n'kuchikweza kumwamba, monga ankachitira kale pofuna kudziwa kumene mphepo ikuchokera, n'kuchitembenuza pang'onopang'ono mpaka chinaloza kunthochi kuja.

Tsono tandiuzani inu. Pamphambano. Phulusa. Mfundo paudzu, kansalu kofiira, fodya atatsala pang'ono kupita kumsika. Chimunthu chachilendo chogwada, nkhope mbuu, chikuloza kumwamba kenako kunyumba kwanu. Mukanaganiza kuti ndi masewera a ana asukulu?

ANyaKumwenda, akazi a a Chirambo, sanaganize choncho. Iwo anali kuseri kwa nthochi akudula masamba, ndipo anaona zonse. Anabwerera kunyumba chokwawa. Tsoka silinunkha: tsiku limenelo amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anali pakhonde pawo kuphunzira nyimbo za pa Sabata.

"Amama, tapita! Atitchera pamphambano!"

A Chirambo anatuluka m'chigafa, anapita kukaona, anaima chapatali ndithu.

"Ife ndife Akhristu," anatero. "Zimenezi sitiziopa."

"Ndiye dumphani, adada," anatero aNyaKumwenda.

"Ndati sitiziopa. Sindinati timazidumpha."

Analambalala kudzera m'munda wa mbatata, gulu lonse pambuyo pawo. Kutsidya kwa mphambano anapeza mivi yoyera ikupitirira ndi njira ya kumanzere.

"Mfiti yake ndi yaulemu," anatero mayi wina. "Ikuchita kutiuza kumene yapita."

Anagwirizana zoitsata. A Chirambo patsogolo ndi Baibulo, aNyaKumwenda pambali ndi munsi, anyamata osoka fodya ndi makasu, amayi a Umanyano pambuyo akuimba nyimbo yolimbitsa mtima, mawu akunjenjemera pang'ono m'mavesi okwera.

Nthawi imeneyo a Laws anali atafika kumapeto. Pafupi ndi chulu china chachikulu anayala miyala yozungulira, wina pakati, n'kukwawira m'ziyangoyango za pachulupo. Malo abwino, amthunzi. Anakhala pansi, anatambasula miyendo. Sanayang'ane m'mwamba. Akanayang'ana akanaona tizipatso taubweya tikulendewera ngati michira ya mbewa.

Chitedze, abale anga. Chokhwima. Munthu atavala kabudula.

Chinayambira kuseri kwa mawondo. A Laws anati sikauti sadandaula. Chinakwera m'ntchafu. Anati sikauti amamwetulira pamavuto. Chinalowa m'malaya, chinazungulira mimba yonse ija, ndipo ndi ulendo wautali, koma chinafika. Analuma sikafu. Misozi inalemba mizere paphulusa la kumaso. Kenako anamva nyimbo ikuyandikira.

"Ana anga!" anatero mumtima. "Andipeza. Ndipo akubwera akuimba!"

Anaika wenzulo pakamwa n'kuvumbuluka m'tchiremo.

Inu! Sindidziwa ngati munaonapo munthu wovina vimbuza ng'oma zitafika pachimake. A Laws anaposa pamenepo. Mapewa akugwedezeka okha, miyendo ikupalasa fumbi, manja onse awiri akukanda paliponse, nkhope mbuu, wenzulo ukulira pyee! pyee! ndi mpweya uliwonse. Nyimbo inadukira pakati pa liwu. Amayi a Umanyano anamwazika ngati nkhanga, wina anataya nsapato, wina anakwera chulu china n'kuyamba pemphero kuchokera kumapeto. Anyamata a makasu, amene amati ndi olimba mtima, ndi amene anafika kumudzi oyamba.

Anatsala awiri. A Chirambo, Baibulo m'mwamba, atalitembenuza chadodolido. Ndi aNyaKumwenda, amene sanabwerere ngakhale phazi limodzi. Anakweza munsi.

A Laws ataona munsiwo anayesa kunena kuti "Ndine Gondwe," koma wenzulo unali udakali pakamwa, ndiye zinangomveka pyee-pyee. Anabwerera chafutambuyo, kubwerera, kubwerera, mpaka nthaka inawathera. Kumbuyoko kunali dzenje lokumbamo dothi la njerwa. Anagweramo khu! Kabudula wa telala wa ku Mzuzu anati kwee, kuchokera kumpoto mpaka kumwera.

A Chirambo anasuzumira m'dzenjemo. Anayang'ana masokosi, anayang'ana mabaji.

"Kodi si inu a dzanja lamanzere?"

"Ndine, adada," anayankha a Laws ndi mawu aang'ono. "Mwendo."

Tsono masikauti aja anali atazungulira dambo lonse kufunafuna mivi imene inali itapsa kale pamoto wa gogo uja. Chimene chinawalondolera ndi wenzulo ndi kukuwa kwa amayi. Anafika akuthamanga, Madamu, Lettie ndi Joel pambuyo.

Joel anayang'ana m'dzenje, anakhala pansi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Njati yagwa m'mbuna! Laws, ukanatiuza kuti chizindikiro chomaliza ndiwe wemwe!"

Lettie, monga namwino, anali atapinda kale manja a bulauzi n'kuika phazi pamphepete pa dzenje. Kenako anaima. Anayang'ana Madamu Twambilile, amene nkhope yawo inali itagweratu, anayang'ana a Chirambo, anayang'ana ana. Anabweza phazi lija, n'kupinda manja pachifuwa.

"Ine lero ndili pa holide," anatero. "Mtsogoleri wa gulu ndani pano?"

Anatuluka mtsikana wa Sitandade seveni, woonda ngati bango, dzina lake Lusungu. Ndipo Lusunguyo anali mdzukulu wa a Chirambo, amene agogo akewo anali atamuuza kale kuti Loweruka limenelo ndi lomaliza kuvala sikafu.

Mwanayo sanayang'ane munthu kumaso. Anatsikira m'dzenje ndi anzake awiri, anavula a Laws nsapato pang'onopang'ono, anagwira kakolo kamene kanali katatupa kale ngati papaya.

"Gwedezani zala, asibweni. Eya. Mwendowu sunathyoke, mwangoubinya. Zondiwe, sikafu yako. Wina akanyowetse yake kudambo. Inu anyamata, matope, muwapake m'miyendo, chitedzechi chizizire. Osakanda, asibweni!"

"Sindikukanda."

"Mukukanda ndi chigongono."

Anamanga kakoloko ndi masikafu, mfundo yake yogona bwino. Ena anathamangira kuchigafa cha a Chirambo n'kubwera ndi mitengo iwiri yoyanikira fodya, ziguduli ndi chingwe. A Chirambo anatsegula pakamwa kuti afunse amene wawaloleza, koma Lusungu anawapatsa nsonga ya chingwe.

"Agogo, gwirani apa. Kokani. Ayi, kwambiri."

Ndipo inu, mkulu wa mpingo uja anapanira Baibulo m'khwapa n'kukoka. Machira atatha anawayesa ndi dzanja, anakoka mfundo imodzi, anakoka ina. Sizinasunthe. Anangoti "Mm."

Kuwatulutsa a Laws m'dzenje inali ntchito ya gulu lonse. Atawagoneka pamachira, vuto la kabudula lija linaonekera poyera, amayi a Umanyano ali kubwerera mmodzimmodzi kuchokera kumene anathawira. ANyaKumwenda anatsamiritsa munsi pamtengo, anamasula chitenje chawo chapamwamba, n'kuwafunditsa kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, maso ali kumbali ngati akuyang'ana nyengo.

"Yewo, amama," anatero a Laws.

"Mukanabwera kudzapempha madzi akumwa ngati munthu," anayankha aNyaKumwenda, "bwenzi pano mukudya nthochi."

Ulendo wobwerera kusukulu unali ngati wa mkwatibwi. Ana kuzungulira machira mbali zonse, akusinthana, Lusungu akuitana mayendedwe kuti mapazi agwirizane. Joel ankayenda kumutu akunena kuti iye sanyamula munthu wolemera kuposa lole yake, koma amene anali pafupi anaona kuti phewa lake linali pansi pa mtengo njira yonse. Amayi a Umanyano anayambiranso nyimbo yawo ija, tsopano mawu ali bwinobwino. Anthu ankatuluka m'nyumba kufunsa kuti wamwalira ndani, a Laws n'kumakweza dzanja kuti aone kuti adakalipo.

Anafika pasukulu komiti itakhala kale pansi pa mtengo wa mango. Panalibe kwina kowaika, ndiye anawatsitsa pakati penipeni pa msonkhano: matope m'miyendo, phulusa kumaso, chitenje cha maluwa m'chiuno. Umboni uja anaulonjeza a Laws unali utafika.

Madamu Twambilile anaima kumbuyo, atagwira sikafu yawo ndi manja awiri. Ana anafola mwakachetechete, mapewa akuwawa. A Chirambo anatsegula ndi pemphero lalifupi modabwitsa, kenako anatsokomola.

"Abale, ine ndinabwera m'mawa ndi maganizo oti gululi lithe. Madamu anati atiitanira masikauti akale kuti tione zipatso zake." Anayang'ana pansi pamene panagona a Laws. "Taziona."

Anthu anayamba kuseka, koma iwo anakweza dzanja.

"Tsono ndafunsa, akuti akale oterewa alipo ambiri. Ali ku Mzuzu, ali ku Lilongwe, ena mpaka ku Joni. Ndipo tsiku lililonse akhoza kukumbuka kwawo n'kubwera kudzatilimbikitsa. Ine ndakalamba, anyamata anga a fodya mwaona mmene amathamangira. Tikathetsa atsopanowa, akalewo adzawanyamula ndani? Gulu likhale. Lusungu, mawa ukatha tchalitchi udzandionetse mfundo ija."

Ana anakuwa, zipewa m'mwamba. Madamu Twambilile anakhala pansi pomwepo paudzu, Lettie n'kuwagwira paphewa.

A Laws, ali chigonere, anakoka Joel mwendo wa thalauza.

"Waona? Zonsezi ndinachita kukonza."

"Ndaona, mtsogoleri," anatero Joel. "Chaka chamawa udzabinye winayo. Mwina adzatimangira ofesi."